Mfuti Yoyamba ndi Mtima wa Mwini Wake

Chisenga ndi dera lomwe lili chakummwera kwa boma la Chitipa, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, pamsewu wochokera ku Chitipa kudzera ku Wenya ndi Nthalire mpaka kukafika ku Nyika. Kuseri kwa mapiriwo ndi dziko la Zambia, kumenenso mtsinje wa Luangwa umayambira, ndipo anthu a mbali ziwirizi amayenderana, kukwatirana ndi kuchita malonda monga a mudzi umodzi. Dera lotere lili ndi ubwino wake, pakuti chimanga, nyemba ndi ng'ombe zimapeza msika mbali zonse ziwiri. Lilinso ndi nkhawa zake. Wamalonda akagulitsa katundu amayenda mtunda wautali ndalama zili m'thumba, m'njira zodutsa m'nkhalango momwe munthu atakuwa sipangapezeke womumva. Woweta amagona khutu lili kukhola, podziwa kuti ng'ombe yobedwa ikangodutsa malire kuipeza n'kovuta. Choncho sizodabwitsa kuti munthu amene wayamba kupata, akaganizira za banja ndi chuma chake, nthawi zina amafika podzifunsa ngati sikungakhale kwanzeru kugula mfuti yaing'ono yoti azigona nayo kumutu.

Munthu akafika pa ganizo limeneli, kawirikawiri amathamangira kufunsa za mtundu wa mfuti. Amafuna kudziwa yopepuka m'dzanja, yotsika mtengo, yonyamula zipolopolo zambiri ndiponso yosavuta kubisa. Mafunso amenewa ali ndi malo ake, koma wowafunsa poyamba akufanana ndi munthu wofunsa mtengo wa malata asanakumbe maziko. Funso loyenera kutsogola ndi lakuti: kodi munthu wamba ali ndi chifukwa chokwanira chosungira m'nyumba mwake chida chomwe ntchito yake ndi kuchotsa moyo? Nanga iye mwini ayenera kukhala munthu wotani kuti chida choterocho chimuyenere? Ili ndi funso la chikumbumtima, ndipo mnyamata kapena mtsikana aliyense amene akukula m'dziko lomwe zithunzi za kanema zimalemekeza wonyamula mfuti ayenera kulisinkhasinkha adakali ndi mpata.

Poyamba ndi bwino kumvetsera mofatsa maganizo a anthu ofuna mfuti, chifukwa si onse amene ali ndi mtima wa chiwembu. Moyo ndi wa mtengo wapatali, ndipo Malamulo Aakulu a dziko la Malaŵi a m'chaka cha 1994, m'gawo 16, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Ngati munthu ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndiye kuti alinso ndi ufulu wouteteza pamene wachifwamba afuna kuuchotsa. Malamulo a milandu amavomereza zimenezi, bola mphamvu yomwe wodzitetezayo wagwiritsa ntchito ilingane ndi kukula kwa ngozi yomwe yamugwera. Anthuwa amanenanso kuti wapolisi sangakhale pakhomo pa munthu aliyense, makamaka kumidzi ya kutali komwe misewu imavuta m'nyengo ya dzinja. Mbava ikathyola chitseko pakati pa usiku, thandizo lomwe lingafike m'mawa silingaukitse wakufa. Amaonjezanso kuti mfuti imafananitsa mphamvu, kotero kuti mayi wamasiye kapena nkhalamba ingathe kuimitsa achinyamata anayi a zikwanje. Mfundo zimenezi n'zolemera, ndipo wozikana popanda kuzilingalira sadaonepo mantha a usiku.

Komabe, kuti mfundozi ziyesedwe bwino, m'pofunika kudziwa chomwe mfuti yaing'ono ili. Ilipo ya mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi volovolo, yomwe ili ndi kamgolo kozungulira kolowa zipolopolo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mtundu umenewu udatchuka kuchokera m'chaka cha 1836 pamene Samuel Colt wa ku America adalembetsa luso lake kuboma. Wachiwiri ndi pisito, yomwe zipolopolo zake zimakhala m'kabokosi kolowa m'chigwiriro, ndipo ikaomba imadzilowetsera yokha chipolopolo china. Pisito zina, monga Glock 17 ya ku Austria, zimanyamula zipolopolo 17 nthawi imodzi. Chipolopolo cha mfuti zotere chingathe kuthamanga mamita oposa 300 pa sekondi imodzi, chimaboola chitseko cha matabwa ndi mpanda wa udzu mosavuta, ndipo chikaphonya chingathe kukagwa pa mtunda woposa kilomita imodzi. Kulasa nayo chinthu chakutali n'kovuta chifukwa mpope wake ndi waufupi, motero siithandiza mlenje. Idapangidwa kuti ibisike m'thumba ndi kulasa munthu amene ali pafupi.

Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa mfuti yaing'ono ndi zida zina za pakhomo. Nkhwangwa ingathe kupha munthu, koma idasulidwira kudula mitengo. Khasu lingathe kuvulaza, koma tsiku ndi tsiku limadyetsa banja. Ngakhale mkondo ndi uta wa makolo zinali ndi ntchito ya uzimba, ndipo mfuti ya gogodela inkapirikitsa nguluwe m'munda. Mfuti ya m'thumba ilibe ntchito ina pakhomo. Chaka chonse imangogona, kudikira tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo likafika pamakhala maliro kapena chilema. Ndiponso wogwiritsa ntchito nkhwangwa kapena mkondo amayenera kuyandikira, kusamula mkono ndi kuona nkhope ya mnzake, ndipo m'kanthawi kameneko mtima ungathe kubwerera. Mfuti imachotsa kanthawi kameneka. Pakati pa mkwiyo ndi imfa pamangotsala chala chimodzi, ndipo madzi akatayika saoleka.

Mbiri ya chigawo cha kumpoto ili ndi zambiri zophunzitsa pankhaniyi. M'zaka za m'ma 1880 mfuti zidalowa zambiri m'dera la Karonga ndi Chitipa potsata njira za malonda a minyanga ndi akapolo. Mlozi adamanga malinga ake pafupi ndi Karonga, ndipo m'chaka cha 1887 adathira nkhondo Ankhonde. Azungu a kampani ya African Lakes, yomwe anthu ankaitcha Mandala, adamenyana naye kuyambira chaka chomwecho, nawonso akugawa mfuti kwa anthu owathandiza. Nkhondoyo idatheratu mu Disembala 1895 pamene Harry Johnston adagonjetsa Mlozi ndi kumupachika. Akapolo adamasuka, koma mfuti zomwe zidawamasula ndi zomwezo zidakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, ndipo Chitipa adatchedwa Fort Hill, dzina la linga la asilikali. Mu Seputembala 1914 Angerezi ndi Ajeremani adamenyana pa Karonga, ndipo ambiri mwa amene adagwa anali asilikali achikuda omwe sadayambitse mkanganowo. Mu Febuluwale 1959 anthu a Congress adatseka bwalo la ndege la Fort Hill, ndipo pa 3 Malichi boma la atsamunda lidalengeza lamulo la chipwirikiti. Tsiku lomwelo asilikali adaombera khamu la anthu pa Nkhata Bay ndi kupha anthu osachepera 20.

Zaka za pambuyo pa ufulu nazonso zili ndi phunziro lake. Gulu la Malawi Young Pioneers lidayamba ndi cholinga chophunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito za chitukuko, koma litapatsidwa mfuti lidasanduka choopsa kwa anthu omwe linkayenera kuwatumikira. Mu Disembala 1993, apayoniya atapha asilikali awiri ku Mzuzu, gulu la nkhondo lidawalanda zida pa ntchito yomwe idatchedwa Operation Bwezani, ndipo ambiri adathawira ku Mozambique. Ku Mozambique komweko nkhondo ya pachiweniweni idatha m'chaka cha 1992, itathamangitsira kuno anthu oposa 1 miliyoni. Nkhondo itatha, mfuti sizidathe. Zina zidagulitsidwa mobisa ndi kudutsa malire, ndipo m'zaka zotsatira umbava wa mfuti udakula m'dziko muno. Mfundo yomwe ikuoneka m'mbiri yonseyi ndi yakuti mfuti imakhala nthawi yaitali kuposa chifukwa chomwe idagulidwira. Mwini wake amakalamba, amamwalira, amaberedwa kapena kusauka n'kuigulitsa, koma chitsulocho chimakhalabe chakuthwa m'dzanja lachiwiri ndi lachitatu. Wogula mfuti lero akusankhiranso anthu amene iye sadzawaona.

Pachifukwa chimenechi boma silidasiye nkhaniyi m'manja mwa munthu payekha. Lamulo loona za mfuti m'dziko muno lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1967, ndipo limaletsa munthu kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso. Wofuna mfuti amapempha kupolisi, amafotokoza chifukwa chake, mbiri yake imafufuzidwa, ndipo mfutiyo imalembedwa m'kaundula pamodzi ndi nambala yake. Pa 14 Ogasiti 2001 maiko a m'bungwe la SADC adasaina mumzinda wa Blantyre pangano lothandizana kuletsa kufala kwa mfuti zosaloledwa. Kwa munthu wokhala m'malire, monga ku Chisenga, njira ya lamulo ingaoneke yaitali ndi yotopetsa, makamaka ngati wina amunong'oneza kuti mfuti ingapezeke mwachidule ndiponso motchipa. Koma mfuti yogulidwa mumdima imadza ndi mbiri yake. Mwina idaphapo munthu, ndipo tsiku lomwe idzapezeke m'nyumba, magazi akalewo adzafunsidwa kwa woisunga. Kuonjezera apo, wogula mfuti mobisa amalemeretsa msika womwewo umene umapatsa zida achifwamba omwe iye akuwaopa. Munthu amene walephera kudikira chiphaso waonetsa kale kuti alibe kudekha komwe mfuti imafuna. Fulumira adadya gaga.

Kumaiko komwe kuli masukulu ophunzitsa kaombedwe ka mfuti, wophunzira watsopano sayamba ndi kuomba. Amayamba ndi malamulo anayi omwe ayenera kulowa m'magazi. Loyamba ndi lakuti mfuti iliyonse aitenge ngati ili ndi chipolopolo, ngakhale mwini wake atalumbira kuti mulibe. Lachiwiri, asaloze mfuti chinthu chilichonse chomwe sakufuna kuchiwononga, ngakhale mwa nthabwala. Lachitatu, chala chisakhudze chokhethemulira kufikira atatsimikiza mtima kuti akuomba. Lachinayi, adziwe bwino chomwe akuchiombera ndiponso chomwe chili kuseri kwake. Pamwamba pa malamulowa amaphunzitsidwa kusunga mfuti m'bokosi lachitsulo lokhoma, zipolopolo pena, kutali ndi ana, ndiponso kusaikhudza atalawa mowa. Aphunzitsi ambiri amayambitsa wophunzira ndi mfuti ya zipolopolo zing'onozing'ono yosakankha dzanja kwambiri, chifukwa woyamba ndi mfuti yamphamvu amaphunzira kutsinzina ndi kunjenjemera m'malo mophunzira kulunjika.

Woganizira bwino malamulo anayiwa aona kuti onse akunena za khalidwe la munthu. Loyamba likuphunzitsa kudzichepetsa, pakuti ngozi zambiri zimachitika ndi mfuti yomwe wina ankati ilibe kanthu, ndipo ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Lachiwiri likuphunzitsa ulemu pa moyo wa mnzako. Lachitatu likuphunzitsa kudziletsa. Lachinayi likuphunzitsa kuganizira anthu osalakwa omwe ali kuseri kwa chipupa. Tsono pano pakubuka vuto lomwe ofuna mfuti ya chitetezo sakonda kulitchula. Mfuti yosungidwa bwino, yokhomeredwa m'bokosi, zipolopolo zili pena, siingatulutsidwe msanga mbava ikalowa. Mfuti yogona kumutu ili yodzaza imatuluka msanga, koma imafikiridwanso msanga ndi mwana wachidwi, mlendo woledzera kapena mwini wake atakwiya. Chomwe chimaichititsa kukhala yothandiza usiku umodzi ndi chomwenso chimaichititsa kukhala yoopsa masiku ena onse a chaka.

Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Plato, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, adapereka chitsanzo chomwe chikugwirizana ndi nkhaniyi. Munthu wasungitsa zida zake kwa bwenzi lake ali bwinobwino. Patapita nthawi wabwera kudzazitenga mutu utasokonezeka. Kodi bwenzilo libweze zidazo chifukwa ndi za mwini wake? Yankho lake lidali lakuti kubweza pa nthawi yotero sikungakhale chilungamo. Chitsanzochi chikukumbutsa kuti munthu sakhala chimodzimodzi masiku onse. Amene adapempha chiphaso ali wofatsa ndi yemweyo amene tsiku lina adzabwera kuchokera kumowa, adzakangana ndi mbale wake pa malire a munda, adzamva mphekesera za mkazi wake, kapena adzagwa m'ngongole yomusowetsa tulo. Wosungitsa zida uja anali ndi mwayi chifukwa panali bwenzi loti limukanize. Wosunga mfuti kumutu kwa bedi alibe womukaniza. Choncho pogula mfuti munthu asadziyese ndi tsiku lomwe ali wokondwa. Adziyese ndi tsiku loipitsitsa lomwe adakhalapo nalo, ndipo adzifunse chomwe chikadachitika mfuti ikadakhala pafupi.

Zomwe zachitika kumaiko komwe mfuti zili zambiri zikuchitira umboni mfundoyi. M'chaka cha 1993 dokotala Arthur Kellermann ndi anzake adafalitsa kafukufuku yemwe adachita m'madera atatu a ku United States. Adapeza kuti m'nyumba zosunga mfuti, ngozi yoti wina aphedweremo idali yokulirapo pafupifupi katatu poyerekeza ndi nyumba zopanda mfuti, ndipo kawirikawiri wakupha ankakhala wachibale kapena wodziwana naye. M'chaka cha 2021 anthu 48,830 adafa ndi mfuti m'dzikolo, ndipo oposa theka la iwo adadzipha okha. Ku South Africa, usiku wa pa 14 Febuluwale 2013, katswiri wothamanga Oscar Pistorius adaombera kanayi pachitseko cha chimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria ndi kupha bwenzi lake Reeva Steenkamp. Iye adauza bwalo la milandu kuti ankayesa mbava, koma bwalo lalikulu la apilo lidamupeza wolakwa pa mlandu wakupha m'chaka cha 2015. Ku Dunblane, m'dziko la Scotland, munthu yemwe anali ndi ziphaso zonse adapha ana asukulu 16 ndi mphunzitsi wawo mu Malichi 1996, ndipo chaka chotsatira boma la Britain lidaletsa anthu wamba kusunga mfuti zazing'ono. Maiko amenewa ndi osiyana ndi Chisenga pa chuma ndi pa chikhalidwe, koma mkwiyo, nsanje, mantha ndi kutaya mtima n'zofanana kulikonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Palinso kusintha kwina komwe mfuti imabweretsa ngakhale isanaombe. Munthu wopanda chida akakumana ndi mkangano amafunafuna njira yotulukira. Amapepesa, amaseka, amachoka, kapena kukatula nkhani kwa ankhoswe ndi kwa nyakwawa. Wonyamula mfuti amayamba kuona njira zimenezi ngati zonyozeka, chifukwa akudziwa kuti ali ndi mawu otsiriza m'thumba. Amadutsa pomwe kale akadalambalala, ndipo amayankha pomwe kale akadakhala chete. Aristotle, wophunzira wa Plato, adaphunzitsa kuti kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kusasamala, ndipo kuti wothamangira ngozi popanda chifukwa sali wolimba mtima konse. Mfuti imakankhira mwini wake kumbali ya kusasamalako, iye n'kumayesa kuti walimba mtima. Nawonso anansi amasintha. Akadziwa kuti uje ali ndi mfuti, amaleka kumudzudzula akalakwa, ndipo munthu wosadzudzulidwa amakhala ngati mtengo wopanda woudulira. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma palibe amene amatsina khutu la munthu wamfuti.

Chikhalidwe cha Amalaŵi chidamangidwa pa umunthu, chiphunzitso chakuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake. Chitetezo cha mudzi wa makolo chinkachokera pa mfundo yomweyi. Mfuu ikamveka usiku, mwamuna aliyense ankatuluka, ndipo wotsalira m'nyumba ankayankha mlandu pabwalo. Mlendo akalowa m'mudzi ankaonekera kwa mfumu, ndipo mapazi a ng'ombe yobedwa ankalondoledwa ndi mudzi wonse. Mfuti ya munthu mmodzi imanena zosiyana ndi zimenezi, pakuti imati mwini wake adzadziteteza yekha. Tsono mmodzi akagula, mnzake woyandikana naye amaona kuti mbava zidzathawira kwa iye, nayenso amagula. Mbava nazo zikadziwa kuti m'nyumba muli mfuti sizileka kuba. Zimabwera zambiri, zili ndi zida zoposa, ndipo zimayamba ndi kuomba. Ndiponso mfutiyo payokha ndi katundu yemwe mbava zimamufuna kuposa wailesi kapena njinga. Potsiriza pake aliyense ali ndi chida, koma palibe amene akugona tulo tabwino kuposa kale.

Wina angafunse kuti: nanga wofooka angosiyidwa kuti adyedwe? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo kulangiza munthu kuti asagule mfuti popanda kumuonetsa njira ina ndi kumunyoza. Njira zilipo, ngakhale kuti palibe imodzi yomwe ili yokwanira payokha. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 apolisi akhala akugwira ntchito ndi magulu a chitetezo cha m'midzi, omwe ndi mfuu yakale ija itavala malaya atsopano. Wamalonda wa lero sayeneranso kuyenda ndi mpukutu wa ndalama, popeza angathe kuzisunga mufoni kudzera ku Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ng'ombe zoikidwa chizindikiro ndi zoyenda ndi makalata zimavuta kugulitsa zikabedwa. Khola lolimba, agalu, kuyenda m'magulu popita kumsika ndi kumvana pakati pa mafumu a mbali zonse za malire zimatchinga ngozi isanafike, ndipo nkhanga zidapangana kusanapse. Zonsezi zikalephera, chotayika ndi chuma, chomwe chingathe kupezekanso. Mfuti ikalakwitsa, chotayika ndi munthu.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense wogwira mfuti ndi woipa. Msilikali, wapolisi ndi mlonda wa nyama ku Nyika amanyamula mfuti m'malo mwa anthu onse. Iwo amaphunzitsidwa kwa miyezi, amalamulidwa ndi akuluakulu awo, amasainira mfuti poitenga ndi poibweza, ndipo amayenera kufotokoza za chipolopolo chilichonse. Kulinso masewero olasa chandamale, omwe adalipo kale pa mpikisano woyamba wa Olympics wa makono m'chaka cha 1896, ndipo cholasidwa kumeneko ndi pepala. Chomwe chimalungamitsa mfuti m'manja amenewa ndi mwambo ndi kuyankha kwa ena. Ngakhale zili choncho, mfuti ya boma nayo imalakwa. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 adafa m'dziko muno, ambiri mwa iwo ataomberedwa ndi apolisi, ndipo mzinda wa Mzuzu udalira kwambiri. Ngati anthu ophunzitsidwa ndi oyang'aniridwa angathe kulakwitsa chotere, kuli bwanji munthu wamba amene wadzidzimuka kutulo, ali yekha mumdima, mtima ukugunda?

Tsono munthu amene akuganizabe zopempha chiphaso, chifukwa ngozi yomwe ali nayo ndi yeniyeni, ayenera kuyamba wadzifunsa mafunso angapo moona mtima. Kodi chomwe chikumukoka ndi ngozi yooneka, kapena ndi kufuna kuopedwa? Kodi adayesa njira zina zonse? Kodi amaugwira mtima akakwiya, nanga mowa amaudziwa malire? Kodi m'nyumba mwake muli mtendere, ndipo mkazi kapena mwamuna wake wavomera ndi mtima wonse, osati chifukwa cha mantha? Kodi muli wina amene akuvutika maganizo? Kodi ali ndi malo okhoma omwe mwana sangatsegule, ndi mphunzitsi wovomerezeka woti amuphunzitse? Funso lotsiriza ndi lolemera koposa: kodi angathe kukhala moyo wake wonse akudziwa kuti adapha munthu, mwina mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo yemwe ankaba nkhuku chifukwa cha njala? Amene wakayika pa funso limodzi lokha mwa amenewa wapeza kale yankho lake. Amene wayankha onse mosavuta ayenera kudzikayikira koposa.

Mikhail Kalashnikov, yemwe adapanga mfuti ya AK-47, adakhala zaka zambiri akunena kuti adaipanga kuti ateteze dziko lake. Koma asanamwalire mu Disembala 2013 ali ndi zaka 94, adalembera kalata mkulu wa mpingo wa Orthodox ku Russia, kufunsa ngati iye anali ndi mlandu pa imfa za anthu omwe adaphedwa ndi mfuti yake. Ku Mozambique, dziko lomwe mbendera yake ili ndi chithunzi cha mfuti yomweyo, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo adayambitsa m'chaka cha 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi zipangizo zomangira nyumba. Zida zoposa 600,000 zidaperekedwa, ndipo amisiri adadula zina mwa izo n'kuumba ziboliboli, kuphatikizapo mtengo wachitsulo womwe udakaonetsedwa ku British Museum mumzinda wa London m'chaka cha 2005. Anthu amene adapereka mfutizo ankaidziwa nkhondo kuposa wina aliyense, ndipo adaona kuti khasu ndi njinga zidzasamala mabanja awo bwino kuposa chida chomwe adachikwirira pansi.

Pomaliza, munthu ali ndi ufulu woteteza moyo wake, ndipo lamulo lidasiya khomo lopapatiza kwa ochepa omwe alibiretu njira ina. Koma kwa anthu ambiri, ku Chisenga ngakhale kwina kulikonse, mfuti yaing'ono imabweretsa m'nyumba ngozi yokhalitsa pofuna kuthamangitsa ngozi ya apo ndi apo. Wachinyamata amene maso ake akopeka ndi chitsulo chonyezimira adziwe kuti kugwira mfuti kungaphunziridwe m'masabata ochepa, pamene kugwira mtima ndi sukulu ya moyo wonse, ndipo ndi sukulu yachiwiriyi yomwe iyenera kuyamba. Amene waimaliza bwino kawirikawiri amapeza kuti mfuti ija sakuifunanso, popeza anansi omwe amadzuka akamva mfuu yake ndiwo linga lomwe mbava siingathe kuba.